Chimene Chinkadya Batire ku Liwaladzi

Mayfair, Joni
10 Sepitembala 1995

Okondedwa amake Shamsa,

Asalamu alaikumu. Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi mwana wathu Shamsa, abambo, ndi mphwanga Kalilu. Ine kuno ndili moyo, Alihamudulila. Chisanu chapita, changondisiyira kachifuwa kosayenera kudandaula nako.

Kalata yanu anandipatsa a James a thiraki. Ndinakondwa kumva kuti pikapu ija inafika bwino, ndipo Kalilu wayamba nayo matola kuchokera kwathu ku Liwaladzi kupita pa Boma. Koma chimwemwe changa chinathera pa tsamba loyamba lomwelo. Mukuti m'mawa uliwonse galimoto ikukana kulira mpaka anthu aikankhe? Amake Shamsa, batire limenelo ndinalisankha ndi manja angawa lili latsopano. Ine ndimaswera ndikukonza mawaya a magalimoto a eni ake m'garaja muno, ndiye yanga yomwe izikankhidwa ngati wilibala mudzi wonse ukuona? Zandinyansa kwabasi.

Lonjezo langa mukulidziwa: galimotoyi ikayamba kudyetsa banja, ine ndilongedza. Abambo akalamba, ndipo ndikufuna kudzawapeza akadaimirira pa khonde la mzikiti kuitana azana, kuitanira anthu ku mapemphero, monga achitira chibadwire changa, osati kudzangolozeredwa manda. Tsono galimoto ikamaphonya ulendo wa m'mawa wa azimayi a nsomba, ndiye kuti kubwera kwanga kukunka kutali.

Muuzeni Kalilu achite izi, ndipo asachite mothamanga monga amachitira zonse. Atsegule tizivindikiro ta batire aone madzi. Ngati achepa awonjezere madzi a batire ogula pa Boma, osati a m'nyanja. Mitu iwiri ya batire ikakhala ndi zoyerayera zonga ufa, aitsuke ndi madzi otentha ndi soda wanu wophikira therere uja, kenako aimange zolimba ndi sipanala. Madzulo akaimitsa galimoto aizungulire, aone ngati kababu ka m'kati kapena magetsi a mabuleki sakutsala akuyaka. Wailesi azizimitsa. Ndikumudziwa Kalilu pa nyimbo.

Ndatumiza marandi mazana awiri, chitenje chanu, ndi nsapato za Shamsa. Zikakula asunge, mwendo udzazipeza. Mpunga musagulitse wonse, mtengo ukwera mvula ikayamba.

Ndine wanu,
Faruku

Mayfair
15 Okutobala 1995

Amake Shamsa,

Asalamu alaikumu. Ndathokoza kumva kuti malungo a Shamsa anatha. Ine ndilipo. Kuno kwayamba kutentha, ndipo m'chipinda mwathu mwachepa munthu mmodzi. Mnzanga Maganizo wa ku Dwangwa anapita kukagula buledi Lachiwiri, mpaka lero sanabwerere. Bulangeti lake ndalipinda ndaika pamwamba. Zina tidzakambirana pamaso.

Mukuti Kalilu anachita zonse ndinanena zija koma batire likudzukabe lakufa. Chabwino. Ndiye kuti pali chimene chikumwa moto galimoto ili chigonere, ndipo ife kuno tili ndi njira yake yochigwirira.

M'kaphukusi kamene ndapatsa a James muli babu laling'ono lokhala ndi mawaya awiri. Galimoto itazima, makiyi ali m'thumba, zitseko zili zotseka, Kalilu amasule waya wa ku mutu wa minasi. Waya umodzi wa babulo agunditse pa mutu wa batire, winawo pa waya wamasulidwawo. Babu likayaka ndiye kuti mbala ilipo. Pamenepo azizula mafyuzi pansi pa chiwongolero, imodzi imodzi. Fyuzi imene akaizula babu n'kuzima, mbala ili pa njira imeneyo. Likapanda kuyaka apite kwa a Paison amakanika pa Boma akaone alitineta, chifukwa ina ikaonongeka imatchaja masana n'kumabweza moto usiku. Mumuwerengere kawiri ndime imeneyi, mutu wake uja umagwira theka.

Mwanena kuti galimoto ikugona pambali pa mzikiti chifukwa njira ya kunyumba ndi mchenga wokhawokha. Ndavomereza. Pamenepo palibe angaikhudze, poti abambo amafikapo kusanache.

Shuga kuno wakwera, koma sindidandaula. Denga la khitchini lifoleredwe mvula isanagwe. Abambo muwapatse moni wanga, muwauze kuti kofia ndawapezera yoyera bwino, ibwera ulendo wina.

Wanu,
Faruku

Mayfair
26 Novembala 1995

Amake Shamsa,

Asalamu alaikumu. Ndili bwino m'thupi, kupatula chala chimene boneti inandipana, n'chifukwa chake malembawa akupendama. Koma mtima wanga suli bwino ayi, ndipo sindibisa.

Tiyeni tiunike pamodzi. Babu silinayake, ngakhale pang'ono. A Paison anayesa alitineta, akuti ili bwinobwino. Ndinati mwina batire linafera m'njira pobwera, ndinadzimana mwezi wathunthu kuti mugule lina. Latsopanolo nalonso likugona lodzaza n'kudzuka lopanda kanthu. Komanso mwalemba nokha, mwina mosazindikira, kuti tsiku limene galimoto inagona kwa a Paison inalira m'mawa kamodzi kokha. Amake Shamsa, waya sasankha mudzi wobera moto. Galimoto ilibe vuto. Mbala yathu ili ndi miyendo iwiri, ndipo makiyi a boneti imawadziwa kumene amagona.

Ndikudziwa zimene zikuchitika kumudziko masiku ano. Chiyambire zipani, aliyense wa pakamwa akufuna batire loti aziyimbira nyimbo pa msonkhano, ndipo ndamva kuti pa tiredi pakhazikika wina woonetsa mavidiyo. Kalilu akubwereketsa batire langa usiku, n'kumaika ndalama m'thumba mwake. Sindikuona china. Ine ndikuyenda mozemba m'misewu ya eni ake, kubisala ndikamva kulira kwa galimoto ya apolisi, pamene mphwanga wa bere limodzi akuonetsa anthu karate ndi thukuta langa.

Ndipo inu mwandikhumudwitsa. Kawiri konse ndakufunsani ngati mukudziwapo kanthu, inu mukundiyankha za mpunga ndi za nkhuku. Simuli akhungu. Mukumubisa mlamu wanu chifukwa chiyani?

Ndagamula chonchi. Kalilu apereke makiyi. Ndalembera a Paison, andipezera dalaivala wina dzina lake Lenard, munthu wa banja, wosamwa. Kuyambira tsopano galimoto izigona mumpanda wa a Paison pa Boma, izibwera kwathu m'mawa. Mafuta aonjezereka, koma bola mafuta kusiyana ndi kubedwa. Abambo musawavutitse ndi nkhani imeneyi, angadwale nayo. Ingowauzani kuti ndi nkhani ya mawaya.

Faruku

Mayfair
28 Januwale 1996

Okondedwa amake Shamsa,

Asalamu alaikumu, ndipo ndikukufunirani mwezi wabwino wa Ramadani. Ine ndikusala bwino ngakhale dzuwa la kuno likuchedwa kulowa. Timamasula ku mzikiti, amwenye amagawa zipatso za tende ndi masamusa, ndiye musadandaule kuti ndikuonda.

Mwaona kodi? Chichokere galimoto kumudzi, Lenard akuti sinakankhidwepo olo tsiku limodzi. Akangotembenuza kiyi, iyo vuu. Abwana anga ndinawafotokozera nkhaniyi, anaseka n'kunena kuti ndine dokotala wochiza wodwala wa ku Malawi ndili ku Joni. Ndikuvomera, ndinadzimva kukoma. Zikapitirira chonchi, mwina chaka chamawa nthawi ngati ino ndidzamasula pa mkeka wanga, ndi mpunga wathu wa kilombero.

Koma kalata yanu yafupika. Mwangoti Kalilu anapereka makiyi osanena kanthu, n'kupita kukakoka makoka ku Dwambazi kwa amalume. Ndimayembekeza kuti akana kapena andilalatira. Kungokhala chete kumeneko ndi kuvomera kulakwa. Msiyeni dzuwa limuphunzitse, akadzapepesa tidzaona. Chimene chandidabwitsa n'chakuti kwa nthawi yoyamba m'kalata yanu mulibe moni wa abambo. Mwaiwala kapena sakupeza bwino? Mwezi uno ndimawakumbukira kwambiri. Kuno timadzutsidwa ndi wotchi, ndipo ndikadzuka kudya dakwi m'bandakucha ndimangoganiza kuti kwathu panopa mawu a abambo akuoloka dambo, akugogoda m'makomo mwa anthu.

Ndatumiza marandi zana limodzi ndi makumi asanu, mugulire Shamsa diresi la Idi, ndi mafuta ophikira. Kofia ija ili m'katikati mwa thaulo.

Wanu nthawi zonse,
Faruku

Mayfair
17 Febuluwale 1996

Amake Shamsa,

Asalamu alaikumu. Ndili moyo. Kupitirira apo sindinganene.

Dzulo titatuluka m'swala ya Ijuma, mapemphero a Lachisanu, ndinakumana ndi a Zaidi, aja ankagula usipa padoko pathu. Angofika kumene kudzafuna ntchito. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, kundithokoza pamaso pa anthu. Ndinawafunsa kuti ndachita chiyani. Iwo anati:

"Si inu munkapatsa moto chimkuzamawu cha mzikiti wathu? Miyezi ija madala anamveka mpaka kutsidya kwa dambo ngati akadali mnyamata. Kungoti munafulumira kuichotsa galimoto."

Ndinakhala pansi pa sitepe pomwepo, nsapato imodzi ili m'manja. A Zaidi anaganiza kuti ndi njala ya kusala. Ndinawapempha kuti andifotokozere zonse, ndipo anafotokoza ngati nkhani imene mwana aliyense ku Liwaladzi akuidziwa, kupatula ine mwini galimoto.

Akuti mawu a abambo anatha m'chisanu chapitachi. Akaitana azana, ankamveka pa chitsime pokha. Mumzikiti munali chimkuzamawu chakale chimene wamalonda wina wa pa Boma anapereka, chinkangodya fumbi posowa batire. Pikapu itafika, Kalilu ankati akaimitsa madzulo, n'kukoka waya kuchokera ku batire kulowetsa pa windo, n'kupachikanso babu kuti abambo aziona pokanikiza. Popeza maso awo sangathe kulumikiza mawaya mumdima, zonse zinkakhala choyaka mpaka swala ya subuhi, ya m'bandakucha. Kukacha Kalilu ankakulunga waya uja, n'kuyamba kusaka anthu okankha. Ndiye babu langa loyesera lija likanayaka bwanji masana, chikhalirecho waya anali atakulungidwa kale?

A Zaidi akuti galimoto itachoka, abambo anabwerera ku mawu awo enieni. Mu Disembala anthu anapirira. Koma Ramadani itayamba, mabanja a kutsidya kwa dambo anagonereza, ena anasala osadya dakwi, ena anadya kutacha kale. Akuluakulu a mzikiti anakhala pansi ndi ashehe, ndipo udindo wa azana anaupereka kwa a Rashidi, aja anasamukira kwathu kuchokera pa Boma. Abambo akuti anangoti Alihamudulila, n'kutenga ndodo yawo.

Amake Shamsa, ndinakukalipirani kuti mukubisa mlamu wanu. Tsopano ndazindikira amene munkabisa. A Zaidi akuti abambo anakuletsani nonse awiri, amvekere Faruku akamva kuti mawu anga atha asiya ntchito isanapse. Ndipo inu mukanalemba bwanji dzina la apongozi anu pa mlandu wa kuba moto? Ine amene ndinakulira m'nyumba imeneyo ndinayenera kudziwa kuti mukakhala chete chonchija, ndiye kuti nkhani yakhudza wamkulu. Ndinafufuza fyuzi iliyonse, koma sindinafunse kuti pa khoma limene galimoto ikugona pali windo la chiyani. Ndikumva chisoni ndi manyazi, ndipo usiku wathawu chakudya chinandikanika.

Chitani izi msanga. Ndabwereka kwa abwana, a James abweretsa ndalama. Mugule batire lina, likhale la mzikiti. Lenard azilitenga kukatchaja pa Boma n'kumalibweza. Muwauze ashehe kuti moto wapezeka, abambo abwerere pa khonde pawo. Kalilu ndamulembera padera, ndamutumiziranso nsapato za chikopa zimene ndinagulira Idi yanga.

Mundikhululukire.
Faruku

Mayfair
24 Malichi 1996

Okondedwa amake Shamsa,

Asalamu alaikumu. Ndathokoza kuti nonse muli bwino ndi kuti mpunga wabereka. Ine kachifuwa kaja kabwerera, mwina ndi utsi wa m'garaja. Sabata yatha tinagona pa denga la shopu masiku angapo chifukwa kunali alendo ofunsa mapepala m'misewu, koma zapita.

Kalata yanu ndaiwerenga mpaka yang'ambika popinda. Ndimayesa ndikukonza, chonsecho ndimaonjezera vuto. Mukuti ashehe analandira batire ndi manja awiri n'kundipempherera pa Ijuma, koma anati udindo woperekedwa pamaso pa anthu sangaulande kwa a Rashidi popanda cholakwa. Sindingawatsutse. Ndiye tsopano batire limene ndagula ine likukweza mawu a a Rashidi, munthu amene ngakhale popanda waya amamveka ku msewu waukulu, ndipo chimkuzamawu chinaloza ku nyumba ya abambo. Kasanu pa tsiku, amake Shamsa. Ndikanadziwa ndikanafunsa kaye, koma kufunsa ndi kumene kukundivuta chaka chino.

Uthenga wa abambo umene mwalemba ndauona. Akuti, "Muuzeni Faruku kuti ndathokoza, azana ikumveka bwino. Ndamvanso kuti galimoto yake ikudzuka yokha m'mawa, ndakondwa." Akananditumizira mawu otukwana ndikanapeza poyambira. Awa ndikusowa nawo pogwira.

Mukuti masiku ano akuswalira m'nyumba, akuti miyendo. Miyendo imeneyo inkawafikitsa ku mzikiti mumdima ndi m'matope mpaka Januwale yemweyu. Ine sindikukhulupirira kuti ndi miyendo, ndipo ndikudziwa kuti inunso simukukhulupirira. Muziwaphikira phala la mpunga lothira nsinjiro, amalikonda. Shamsa azipita kukawacheza akaweruka ku madrasa, aziwafunsa ma sura ngakhale amene akuwadziwa kale.

Nsapato zimene Kalilu wabweza zisungeni, musazigulitse. Mawu ake akuti sanabe kanthu ndipo palibe choti alipidwe nacho ndawamva, ndipo akunena zoona. Mwa anthu onse, iye yekha ndi amene anaona vuto la abambo n'kulipezera njira, ine n'kumutcha mbala m'kalata yoti muwerenge inu.

Mwafunsa za Lenard ndi za mpanda wa a Paison, kuti ndalama ya matola ikuthera komweko. Ndaona. Musachite kanthu, ndikuganiza.

Wanu,
Faruku

Mayfair
14 Epulo 1996

Kwa abambo anga olemekezeka,

Asalamu alaikumu wa rahamatulahi. Ndikhulupirira Mulungu akukusungani. Ine mwana wanu Faruku ndili bwino.

Ndapempha amake Shamsa kuti atumize mthenga ku Dwambazi, kuti kalata ino adzakuwerengereni ndi Kalilu. Iwe Kalilu, ngati mawu akutuluka panowa ndi ako, dziwa kuti ndinakulakwira, ndipo ndikunena izi pamaso pa abambo kuti pasadzakhale kubweza. Makiyi ndi ako. Lenard ndamulembera, amaliza mwezi uno. Galimoto ibwerere kumudzi, izigona pamene iwe waona kuti n'poyenera.

Abambo, munaletsa anthu kundiuza za mawu anu poopa kuti ndisiya ntchito isanapse. Ndikudziwa kuti munachita izi pondifunira zabwino. Koma ndasiya. Abwana ndawatsanzika Lachisanu, ngongole yawo ndabweza ndi malipiro omaliza, ndipo ndikubwera ndi bokosi la zida ndi chikwama chimodzi basi. Galimoto sinayambe kudyetsa banja monga ndinkafunira. Malata a nyumba sindinagule. Anthu adzandiseka kuti wa ku Joni wabwera chimanjamanja, ndipo adzakhala akunena zoona. Mukafuna kundikalipira pa zimenezi, mudzandikalipire ndili pafupi.

Za udindo wanu sindingathe kubweza. Ndayesa, ndipo mwaona nokha mmene ndaonongera. Sindidzapitanso kwa ashehe, sindidzagulanso kanthu pa nkhani imeneyi. Ndinkafuna kudzakupezani muli pa khonde la mzikiti, ndipo amene anakutsitsanipo ndine, ndili kutali, ndi cholembera. Izi zikundiwawa tsiku lililonse.

A James anyamuka pa 22, ndikwera nawo thiraki kudzera ku Tete. Mapepala anga ali ndi mavuto ake, ndiye pa chipata pakhoza kuchedwetsa, koma Insha Allah Idi yozinga idzandipeza kwathu. Mbuzi musagule, ndidzagula pa Boma.

Ndili ndi pempho limodzi. Tsiku limene ndidzafike sindidzagona kunyumba kwanga, amake Shamsa ndawauza kale ndipo avomera. Ndidzayala mkeka pa khonde panu, pafupi ndi chitseko. Kuno wotchi yandidzutsa zaka zinayi, ndipo ndikuisiyira mnzanga wa m'chipinda. Nthawi ya subuhi ikadzakwana, musadzadikire a Rashidi. Mudzandiitane ndinu, ndi mawu amene mwatsala nawowo. Ndidzakhala pafupi, ndidzamva.

Ndine mwana wanu,
Faruku